Chipepeso ndi china, chipukuta misozi ndi china: ndege ikagwa amalipira ndani?

Amene muli kuno ku Nkhotakota mukukumbuka mu Ogasiti 2024 muja kandege kakang'ono kanagwera m'nyanja konkuno, munali anthu atatu, asodzi anathamangira ndi mabwato n'kupulumutsa mayi mmodzi wa ku Netherlands koma mnzake amene anali naye pamodzi ndi woyendetsa ndegeyo, yemwe anali wa ku Zimbabwe, anawavuula atamwalira kale. Apa n'kuti patangotha miyezi iwiri chichitikireni za ku Chikangawa, mitima isanakhale n'komwe pansi. Ndiye sabata yonse ija pabawo pathu nkhani inali ya ndege yokhayokha, anthu oti sitinapondeko ngakhale pa geti la ku Lumbadzi tonse tinasanduka akatswiri.

Funso limene linatigwira linali la madala ena amene amagulitsa usipa wouma, anangoti kodi anthu amenewa akalipira ndani? Wina akuti boma, wina akuti azungu ali ndi inshuwalansi zawo musawadandaule, wina akuti ndege ikagwa ndi Mulungu basi palibe womusumira. Ine ndinangokhala chete koma funsolo linandikhala pamtima, chifukwa mng'ono wanga ali ku Joni ndipo masiku ano anasiya zoyenda masiku awiri pa basi kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka ku Beitbridge, akuti msana, amabwera pa ndege. Komanso pali chifukwa china chimene chimandipweteka mpaka lero.

Malume athu anamwalira pa ngozi ya minibasi mu msewu wathu wa M5 womwewu. Pa maliro mwini galimoto anabwera bwinobwino mwaulemu, matumba a ufa, shuga, anagula bokosi, anapereka kenakake kwa adzukulu, aliyense anati munthu uyu ngwabwino. Patapita masabata angapo kunabwera munthu wina ndi envulopu ndi pepala la Chingerezi, azakhali anadinda chala, ndalama zija zinathera pa sadaka ndi ngongole. Patapita chaka ndi pomwe wina anatiuza kuti pitani kwa loya, ana aja ayenera kulandira zambiri, tinakwera wa ku Lilongwe, loya anangowerenga pepala lija n'kupukusa mutu. Linanena kuti talandira zonse ndipo sitidzafunsanso kalikonse. Anati zotere zimatheka kulimbana nazo kukhoti koma ndi ntchito ndipo ndi ndalama, ife tinalibe, tinabwerera. Ife timaona ngati chipepeso, iwo amatseka mlandu.

Ndiye nditayamba kuwerenga za ngozi za ndege ndinapeza kuti msampha wake ndi womwewu, kungoti ndalama zake ndi zoopsa ndipo malamulo ake ndi ena. Ine si loya, ndingokuuzani zomwe ndamvetsa.

Choyamba chomwe chinandidabwitsa n'choti ngati wakwera ndege yochoka dziko lina kupita dziko lina ndi tikiti, nkhani yake siyendera malamulo a dziko limodzi ayi, pali mapangano a mayiko. Lakale ndi la ku Warsaw la 1929, lija anaika malire a ndalama otsika kwambiri pofuna kuteteza makampani a ndege omwe nthawi imeneyo anali akungoyamba, kenaka anawachulukitsa kawiri ku The Hague mu 1955 koma anali otsikabe. Latsopano ndi la ku Montreal la 1999, linayamba kugwira ntchito mu Novembala 2003, mayiko ambiri analowamo kuphatikizapo South Africa, Kenya ndi Ethiopia, komwe ndege zambiri zomwe Amalawi timakwera zimadzera. Pangano liti ligwire ntchito pa munthu wako zimatengera tikiti yake, ulendo unayambira kuti ndipo umakathera kuti, ndiye mayiko amenewo anasaina pangano liti. Anthu awiri atha kukhala mipando yoyandikana m'ndege imodzi koma mabanja awo n'kuyendera malamulo osiyana chifukwa matikiti ndi osiyana, eti. Ndipo tikiti yopita n'kubwera imawerengedwa kuti ulendo ukukathera komwe unayambira. N'chifukwa chake loya wodziwa zinthu chinthu choyamba kufunsa ndi tikiti, osati lipoti la ngozi.

Pangano la Montreal lili ndi masitepe awiri. Sitepe yoyamba, munthu akafa kapena kuvulala pa ngozi m'ndege, kapena pokwera ndi potsika pomwe, kampani ilipira basi, simufunika kubweretsa umboni woti inalakwa, siingakuuzeni kuti ndi nyengo kapena ndi Mulungu. Malire a sitepe imeneyi poyamba anali 100,000 SDR, SDR ndi ndalama yowerengera ya IMF simungaigwire m'manja, ndipo amawakweza pakapita zaka, mu 2009 anafika 113,100, mu 2019 anafika 128,821, ndipo kuyambira kumapeto kwa Disembala 2024 ali pa 151,880, yomwe ndi cha m'ma 200,000 dola za ku America. Pa mtengo wa ku banki wa cha m'ma K1,750 uja ndiye kuti cha m'ma K350 miliyoni. Nditawauza madala a usipa aja anaseka n'kunena kuti ndiye ndikakwere ndege mawa.

Koma apa mpamene ambiri amaphonya. Ndalama imeneyo si yoti amangokupatsani ngati mwawina mpikisano. Ndi malire a pomwe kampani singakane mlandu, koma inu mukuyenerabe kusonyeza kuti mwataya zingati. Ngati zomwe mungasonyeze ndi zochepa mulandira zochepazo. Sitepe yachiwiri ndi yoti ngati mwataya zoposa pamenepo palibe denga, mutha kufuna zonse, ndipo ndi kampaniyo imene ikuyenera kusonyeza kuti sinalakwe kapena kuti analakwa ndi wina, zomwe pa ngozi zambiri zimawavuta kwambiri. Ndalama zongolangira kampani pansi pa panganoli kulibe, ndi zobwezera zomwe mwataya basi. Ndipo amene wapulumuka wopanda bala lililonse koma akulota zoopsa usiku ulionse, makhoti ambiri akhala akukana kulipira mantha okha popanda kuvulala kwa thupi, zimene ine ndimaona kuti si chilungamo koma ndi momwe ziliri.

Sikuti mpaka ndege igwe ayi. Mu Meyi 2024 ndege ya Singapore Airlines yochokera ku London inakumana ndi mphepo yoipa m'mwamba, inagwedezeka anthu n'kumenyetsa mitu kudenga, mmodzi anamwalira ambiri anavulala, kampani inalengeza kuti ovulala pang'ono iwapatsa 10,000 dola ndipo ovulala kwambiri 25,000 dola yoyambira chabe pomwe zokambirana zikupitirira. Mawu oti yoyambirawa ndi ofunika, ndalama yoyambira siitseka mlandu, amadzangoichotsera pa yomaliza. Ndiye munthu akabwera ndi envulopu funso n'loti iyi ndi yoyambira kapena yomaliza, ndipo yankho lake lisakhale la pakamwa, lili papepalapo.

Tsopano wotchi. Ichi ndi chomwe chimandiopsa kwambiri ndikaganiza momwe ife timachitira zinthu. Mapangano onse awiri, la Warsaw ndi la Montreal, amapereka zaka 2 zokha kuti mukhale mutakasuma, kuwerengera tsiku lomwe ndege inafika kapena imayenera kufika. Zikatha basi ufulu watha, olo mukhale ndi umboni wodzaza thumba. Ndiye taganizani kwathu kuno, maliro, sadaka, kumeta, kudikira achimwene abwere ku Joni, kudikira mwini mbumba aitanitse msonkhano, kukangana kuti mkazi weniweni ndi uti, chaka chatha. Kenaka wina akuti tidikire kaye lipoti la ofufuza lituluke. Chaka china chatha. Pa ngozi za m'dziko momwemuno malamulo athu amapereka zaka 3 pa milandu ya kuvulala, ndipo ngati mukusumira boma mukuyenera kuyamba mwapereka chidziwitso cholemba kwa Attorney General, loya wamkulu wa boma, n'kudikira miyezi 3 musanalowe mukhoti, ndiye nthawi imeneyonso muiwerengere.

Za lipotizi ndiimepo pang'ono chifukwa pabawo paja ambiri timaganiza kuti lipoti likatuluka ndiye kuti wolakwa wapezeka ndipo ndalama zikubwera. Ayi ndithu. Malamulo a bungwe la ICAO loona za ndege pa dziko lonse, gawo lomwe amalitcha Annex 13, amanena mosabisa kuti cholinga cha kafukufuku wa ngozi ndi kupewa ngozi ina, osati kuloza chala kapena kugamula woti alipire. Amachita dala kuti oyendetsa ndege ndi amakaniko azilankhula zoona osaopa. Lipoti loyamba limayenera kutuluka m'masiku 30, lomaliza amafuna lituluke m'chaka chimodzi koma nthawi zambiri limapitirira. Taonani za ku Chikangawa, ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inagwa pa 10 Juni 2024 ikuchokera ku Lilongwe kupita ku Mzuzu, anthu 9 anamwalira kuphatikizapo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko a Saulos Chilima ndi mayi Shanil Dzimbiri, akupita ku maliro a a Ralph Kasambara. Anabwera kudzafufuza akatswiri a BFU a ku Germany poti ndegeyo inapangidwa kumeneko, lipoti lawo loyamba linanena kuti munalibe makina aja ojambula mawu ndi kayendedwe ka ndege, komanso kachipangizo kothandiza kupeza pomwe ndege yagwera batire yake inatha ntchito mu 2004. Panalinso komiti yofufuza yomwe anatsogolera Justice Jabbar Alide, inapereka lipoti mu Disembala 2024, ndipo lomaliza la a ku Germany linatuluka mu 2025. Za ndale zake sindilowamo, aliyense ali ndi zake mumtima. Chomwe ndikunena n'choti malipoti onsewa palibe ngakhale limodzi lomwe ndi chigamulo cha khoti, lipoti silisaina cheke. Ndipo ndege ngati imeneyo, ya asilikali, ulendo wa m'dziko momwemuno, wopanda tikiti, mapangano a Montreal aja sakukhudzapo, nkhani yake ndi ya malamulo athu ndi boma. Chimodzimodzi kandege kochoka ku Nkhotakota kupita dera lina la Malawi yemweyu, pamenepo loya ayamba wayang'ana malamulo a kuno, inshuwalansi ya kampaniyo, ndi ngati kaulendoko kanali mbali ya tikiti yaikulu yochokera kunja.

China chomwe sindimadziwa n'choti wosumiridwa si kampani ya ndege yokha. Amene anapanga ndege, amene anapanga injini, amene amaikonza, oyang'anira mlengalenga, onsewa atha kulowa mu mlandu, ndipo wopanga ndege malire a Montreal aja samuteteza. Chitsanzo chili pafupi ndi ife ndi cha Ethiopian Airlines, omwewa ali ndi 49 peresenti mu Malawi Airlines. Pa 10 Malichi 2019 ndege yawo ya Boeing 737 MAX inanyamuka ku Addis Ababa kupita ku Nairobi, patangotha mphindi 6 inagwa kufupi ndi Bishoftu, anthu onse 157 anatha, a ku Kenya okha 32. Miyezi isanu m'mbuyo mwake ndege ya mtundu womwewo ya Lion Air inali itagwera m'nyanja ku Indonesia ndi anthu 189. Onse pamodzi 346. Vuto linali pulogalamu ya mu kompyuta ya ndegeyo yotchedwa MCAS yomwe imakankhira mphuno ya ndege pansi chifukwa cha sensa yonama, oyendetsa akulimbana nayo osaidziwa bwino. Mabanja a ku Kenya, Ethiopia ndi kwina anakasuma Boeing ku khoti la ku Chicago, kwawo kwa kampaniyo nthawi imeneyo. Mu 2019 Boeing inapereka 144,500 dola ku banja lililonse ngati thandizo losatseka mlandu, mu Januwale 2021 inagwirizana ndi boma la America kulipira 2.5 biliyoni dola momwe 500 miliyoni inali ya mabanja, ndipo mu Novembala 2021 inavomera kuti pa ngozi ya ku Ethiopia ndi yomwe ili ndi mlandu wolipira, mabanja nawo n'kusiya zofuna ndalama zolangira. Koma taonani zaka zake, ngozi 2019, milandu ina inali ikadali kukhoti mpaka 2025. Mwana amene anali sitandade 1 wafika sitandade 7.

Ndiye pali nkhani ya maloya eniake. Pakagwa ndege pamanunkha ndalama ndipo afisi amamva msanga. Ku America anachita kukhazikitsa lamulo loti loya asayandikire banja lofedwa popanda kuitanidwa mpaka patatha masiku 45 chichitikireni ngozi, mungoona kuti vuto linafika pati. Maloya a kumeneko ambiri salipiritsa poyamba, amati tidzadula gawo lathu tikawina, nthawi zambiri cha m'ma gawo limodzi mwa magawo atatu, zomwe kwa munthu wosauka n'zothandiza koma ziyenera kulembedwa, peresenti yake ingati, ndalama zoyendera ndi za akatswiri azichotsa asanadule kapena atadula, ndipo ndalama zikatuluka zilowa mu akaunti ya ndani. Funso lomalizali musaliderere. Loya wina wotchuka kwambiri wa ku Los Angeles, Tom Girardi, Boeing italipira mabanja ena a ku Indonesia kudzera kwa iye, ndalama pafupifupi 2 miliyoni dola za amasiye sizinafike, woweruza wa ku Chicago anachita kumuzenga mu Disembala 2020, kenaka Girardiyo analandidwa chiphaso cha uloya ndipo anadzapezeka wolakwa pa milandu ina yobera makasitomala. Ngati zimachitika ku America komwe, kuli bwanji munthu wa ku Benga kapena ku Dwangwa amene sadziwa n'komwe kuti kampani inalipira liti. Kuno kwathu loya amayenera kukhala ndi laisensi ya chaka chimenecho ndipo mutha kufunsa ku Malawi Law Society, komanso amene alibe ndalama kuli Legal Aid Bureau, kungoti mlandu wa ndege yakunja umafuna loya wakuno agwirizane ndi wa kunja amene amadziwa zimenezo. Ndipo kumasumira sikuti kulikonse komwe mwafuna, Montreal imapereka malo asanu, kwawo kwa kampani, ku likulu lake, komwe tikiti inagulidwa ngati kampani ili ndi ofesi kumeneko, komwe ulendo umakathera, ndi dziko lomwe munthuyo amakhala ngati kampaniyo imagwirako ntchito. Kusankha pamenepa ndi komwe kumasiyanitsa ndalama, chifukwa khoti lililonse limayeza moyo wa munthu ndi muyezo wa kwawo.

Kayezedwe kameneka ndi komwe kanandibweretsa kunyumba. Makhoti athu akamawerengera zomwe banja lataya amatenga ndalama zomwe malemu amapeza, kuchotsapo gawo lomwe akanadya yekha, nthawi zambiri limodzi mwa atatu, n'kuchulukitsa ndi zaka zomwe akanathandizabe banjalo, kuphatikizapo ina ya moyo womwe wadulidwa. Zikumveka bwino, koma umboni wake uli kuti? Mng'ono wanga ku Joni amagwira ntchito zoika matailosi, amalandira pamanja, palibe pepala la malipiro. Ndalama amatumiza kwa amayi mwezi ndi mwezi, fizi ya ana a mlongo wathu ndi iyeyo, feteleza ndi iyeyo, koma mauthenga a pafoni aja amayi amafufuta akuti foni yadzaza. Ukwati wake ndi wa ankhoswe, kalata kulibe. Mwana wake woyamba wa kwa mayi wina ku Salima alibe setifiketi yobadwira yokhala ndi dzina la bambo. Ndiye loya wa kampani ya inshuwalansi atakhala ku London adzangofunsa kuti munthu ameneyu amapeza zingati, amadalira iye ndi ndani, sonyezani. Ife tidzati mudzi wonse ukudziwa. Mudzi si pepala.

Ndipo ndalama zikabwera ndi pomwe nkhondo yeniyeni imayamba, tonse tinaonapo. Kampani siipereka kwa aliyense amene walira kwambiri, imafuna munthu amene khoti lamuvomereza kuyendetsa chuma chamasiye, kapena zidzere kwa Administrator General, ofesi ya boma yoona za chuma chamasiye. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna, ana ndi amene amadalira malemu, ndipo kulanda chuma chamasiye ndi mlandu womangidwa nawo. Koma kwathu kuno amalume amati ine ndi mwini mbumba, akuchimuna amati mwana ndi wathu, banja limodzi n'kulemba maloya awiri osiyana, kampani imangoti gwirizanani kaye, wotchi ija ikuyenda.

Mwezi watha mng'ono wanga atandiuza kuti wagula tikiti ya Khirisimasi ndinamuuza kuti aise nditumizire chithunzi cha tikitiyo pa WhatsApp, komanso ma risiti a ndalama zomwe umatumiza uzisunga, ndipo mwana wa ku Salima uja umulembetse ku NRB dzina lako likhalepo. Anaseka, akuti achimwene mwayamba kundiwerengera chuma ndili moyo. Koma anatumiza. Vuto linali amayi, nditawafotokozera anakwiya zenizeni, akuti iwe ukulaula, mwana wanga akwere ndege iwe uli kalikiliki kukonza za maliro, malodza amenewo usabwere nawo pakhomo pano. Masiku awiri osandiyankhula bwino, nsima akungondiikira patebulo.

Tsiku lachitatu m'mawa ndikutulutsa njinga anandiitana kuchipinda, anatsegula sutikesi yawo ija ya zitenje za ku mpingo n'kutulutsa jumbo yakuda yomanga ndi mphira. Munali makadi a sikelo athu tonse anayi, kalata ya ubatizo, ndi fotokope ya pepala la azakhali lija, chidindo cha chala chikuonekabe. Anati tenga ukaike pamodzi ndi zakozo, koma mng'ono wako usamuuze kuti ndakupatsa.